Nyemba Zakuda za Amayi Ako

Tiyamike mwana wanga,

Ndakhala m'chigafa cha fodya pa mpando wanga wopendama uja, kope lili pabondo, dzuwa lapendeka. Iwe wapita kukatsanzika anzako a kwaya. Mawa m'mawa ukwera kabaza mpaka kumsewu, kenako basi ya ku Blantyre, kukayamba sukulu ya unamwino. Kalatayi ndiyiika pansi pa zovala m'chikwama chako kuti ukaipeze uli kale kutali. Ndachita dala. Ukakhala pamaso panga ndimangopezeka ndikukufunsa ngati nkhuku zalowa.

Mayi ako aang'ono andiuza zimene unawauza sabata yatha, kuti ukachoka pano sudzapondanso pakhomo pano, ndipo pa tchuthi uzidzafikira kwa iwo ku Boma. Usawakwiyire, ndinachita kuwaumiriza. Sindinadabwe, ndipo sindikulemba kuti ndikudzudzule. Zaka zinayi zapitazi, ukabwera kuchokera ku sekondale, takhala m'nyumba imodzi ngati anthu okumana pachigayo: moni, zikomo, basi. Chifukwa chake ukuchidziwa, inenso ndikuchidziwa, koma palibe anachitchulapo. Lero ndichitchula. Ungondilola ndiyambire kumphika, poti n'komwe ndingathe kuyambira.

Panja pa chigafa pali mbaula, pa mbaulapo pali poto. Muli nyemba zakuda zija amayi ako ankaphika pamodzi ndi nyama ya ng'ombe ndi tsabola, zimene uli wamng'ono unkazitcha nyemba za ku Lifupa. Anaziphunzira kumeneko tisanakwatirane, pamene ankathandiza m'khitchini yophikira alendo odzaona nyama zakutchire. Alendowo ankazitcha tchili. Zokometsera zina za kumeneko kuno sizipezeka, ndiye amayi ako anazisintha kuti zigwirizane ndi zimene zimamera kumunda kwathu. Ndikufuna upite ukudziwa kaphikidwe kake. Kumene ukupitako uzikadziphikira wekha, ndipo ndikudziwa kuti mwana wasukulu akatopa amangothera pachiwaya ndi mabanzi. Poto mmodzi wa nyemba izi akhoza kukusunga masiku awiri uli ndi mphamvu zoimirira mu wodi.

Choyamba, nyemba uzisankhe kukuwala, palichero, uchotse timiyala ndi zofumbwa. Uzitsuke, uziviike m'madzi ambiri zigone momwemo. M'mawa madziwo utaye, uthire ena, uziike pamoto popanda mchere, popanda soda. Ziwire mpaka ukatenga imodzi n'kuifinya ndi zala iphwanyike yonse, osatsala kamtima kolimba pakati. Zimatenga nthawi ndipo njira yachidule palibe. Ndikukuuza izi chifukwa mtima wapachala unatengera ine, ngakhale kukhala chete unatengera amayi ako. Usazithamangitse nyemba, Tiya.

Ine ndinazithamangitsapo. Unali ndi zaka zisanu, amayi ako atapita kumaliro kwawo. Anandisiyira nyemba zoviika kale kuti ndingoyang'anira moto. Koma mtima wanga unali ku nazale, mbande za fodya zikufuna madzi. Ndinathira soda wodzaza supuni, ndinasonkhezera zitsononkho mulu wonse kuti zipse msanga, n'kutsikira kudambo ndi ndowa zanga. Pobwera ndinapeza pansi zapserera, pamwamba pali phala lonunkha sopo. Iwe unalawa kamodzi, unandiyang'ana, n'kunena kuti, "Bambo, mwaphika matope." Tsiku limenelo tinagonera mbatata. Amayi ako atabwera, potoyo anamukwecha masiku awiri, ndipo ankakwechera pakhomo penipeni kuti ndizimva.

Nyama usagule yambiri. Ukapeza yogaya kubutchala, chabwino. Ukapanda kuipeza, tenga yopanda mafupa uidule tizidutswa tating'ono ngati njere za chimanga. Tenthetsa mafuta pang'ono mu poto wina, ikamo nyamayo, uisiye. Usamangoitakasa ayi. Iyamba yatulutsa madzi, madziwo aphwe, kenako iyamba kufiira ndi kumata pansi. Anthu osadziwa amaopa kumatako, koma kukoma konse kuli pamenepo. Ikafiira, ika anyezi awiri odula ndi adyo pang'ono, zifewe.

Tsiku loyamba amayi ako kuphika zimenezi pakhomo pano ndinawachititsa manyazi. Tinali titangokwatirana, ndipo akulu anga awiri ndi akazi awo anabwera kudzatithandiza kumanga chigafa chomwe ndakhalamochi. Nditavundukula mbale ndinaona nyama ndi nyemba zili pamodzi. Kwathu kuno ukudziwa, nyama ili ndi tsiku lake, nyemba zili ndi tsiku lake. Ndinafunsa mokweza, anthu onse akumva, "Kodi Nabanda, ndiwo za masiku awiri mwathera mumphika umodzi? Chizungu chimenechi chitisaukitsa." Azilamu anga anaseka atagwira pakamwa. Amayi ako ali chogwada anayankha motsitsa mawu, "Nyama munabweretsa ija, aPhiri, ikanakwana anthu atatu. Pano mudya asanu ndi mmodzi." Tinadyadi tonse mpaka kukhuta, akulu anga anachita kupukuta mbale ndi chala. Koma kupepesa sindinapepese. Ndinangopempha kuti andiwonjezere, ndikuganiza kuti amva okha kuti ndagonja. Ukamulakwira munthu, mwana wanga, usamudikire kuti amve yekha. Tsegula pakamwa unene.

Anyezi akafewa, thira matimati ambiri, asanu kapena kuposa, odula bwinobwino, aphwanyike mpaka mafuta ayandame pamwamba. Onjezera supuni ya papirika wosinja, ndakumangira m'kapepala, ndi kambuzi awiri. Awiri, Tiya, osati dzanja lonse ngati amalume ako amene amadya akulira koma osavomera kuti wachuluka. Tsabola ukhoza kuwonjezera pambuyo, kuchotsa sungathe. Ndipo ukadula kambuzi usagwire m'maso.

Usambe m'manja usanagwire chilichonse. Useka kuti mlimi akuphunzitsa namwino kusamba m'manja, koma tamvera. Chaka china nthawi yothyola fodya ndinabwera kuchokera kumunda manja ali bii ndi utomoni uja umamatirira. Ndinapeza amayi ako atatopa, ndiye ndinati ndiwathandize kudula matimati. Manja ndinangopukuta pabuluku. Ndiwo zonse zinawawa fodya, kuwawa kosiyana ndi kwa tsabola, kokhala kukhosi mpaka mawa lake. Tinataya, ndi nyama yomwe, ndipo galu anangonunkhiza n'kuchokapo. Kuthandiza ndinkafunadi, koma ndinalowa m'khitchini munda wonse uli m'manja. Nawenso uzidzachokera ku wodi utanyamula zowawa za kumeneko, anthu obuula, achibale okalipa, ena omwalirira m'manja mwako. Uziyamba wasamba, ukhale pansi pang'ono, usanagwire chakudya kapena kumuyankha mnzako wogona naye chipinda chimodzi.

Ndinadzuka pang'ono kukaona poto. Madzi anali atachepa, ndawonjezera otentha. Nawenso uzitero, ozizira amabweza nyemba m'mbuyo.

Nyemba zikapsa, zithire mu nyama muja pamodzi ndi msuzi wake wakudawo, usautaye. Tenga mthiko uphwanye nyemba zochepa m'mbali mwa poto kuti msuzi ulimbe. Chotsako makala ena, moto utsale wochepa, uvundikire mosiya kampata, zizingobwata pang'onopang'ono kwa ola limodzi. Uzitakasako mwa apo ndi apo kuti zisamate. Mchere pomaliza: uthire, ulawe, uwonjezere ngati wachepa. Ndi mpunga zimakoma, ndi nsima zimakoma, amayi ako ankakonda ndi buledi. Zotsala uziwiritse bwinobwino m'mawa usanadye, ndipo udzaona kuti zogonera zimaposa za tsiku lomwelo.

Usadye wekha. Mwezi wina wa Febuluwale, nthawi imene nkhokwe zimakhala zitapepuka, amayi ako anaphika nyemba izi, ndipo tili pafupi kudya ndinaona munthu akubwera m'kanjira ka kuesiteti. Anali bambo uja wa ku Phalombe, tenanti, amene ankabwera kudzafunsa ganyu. Ndinanyamula poto n'kukamubisa kuchipinda, ine mkulu wampingo wathunthu. Koma fungo la anyezi ndi tsabola silibisika, linali pabwalo ponse. Munthuyo anakhala pamphasa akuyang'ana pansi, tonse tikudziwa. Amayi ako analowa m'nyumba, anatulutsa potoyo, anamuika pakati pathu n'kunena kuti, "Bambo akunyumba anakaika kuchipinda kuti zizizire. Sambani m'manja, achimwene." Anandiveka ulemu umene sindinali nawo. Bambo ameneyo umukumbukire, abweranso m'kalata muno.

Mbewu ya nyemba zimenezi amayi ako anabwera nayo kuchokera ku Lifupa atamanga pakampango, ndipo ankaibzala pa mizere itatu ya kuchulu, kumapeto kwa munda. Chaka china fodya atachita bwino, mizere itatuyo ndinayamba kuiona ngati malo ongotayika. Ndinalawirira ndi khasu, nyemba zitamera kale masamba anayi, ndinazula zonse n'kuwokerapo mbande. Amayi ako anaima pachulupo n'kunena kuti, "Fodya ameneyu mukadzamuphika mudzandigawireko." Kukalipa kwawo kunathera pamenepo. Chaka chimenecho anakabzala kumunda kwa mng'ono wawo kuti mbewu isathe. Ine ndinkadziona mlimi wanzeru. Fodya anali atandilowa m'mutu, moti chilichonse chosalowa m'belo ndinkachitenga ngati udzu.

Tsopano ndifike pa chimene ndakhala ndikuchizungulira. Unali mwezi wa Malichi, iwe uli ndi zaka khumi ndi zisanu. Fodya anali atapsa munda wonse nthawi imodzi, mvula ikugwa tsiku ndi tsiku. Lolemba amayi ako anadzuka thupi likutentha, mutu ukuwawa. Ndinawagulira mapanado pa okala n'kupita kumunda. Lachiwiri anayesa kukhala m'chigafa muno kuti asoke masamba, koma singano inkawagwa m'manja. Iwe unanditsatira kumzere kumene ndinkathyola, unati, "Bambo, amayi akunjenjemera. Tiyeni nawo kuchipatala lero." Ndinakuyankha osatembenuka n'komwe. Ndinati, "Tipita Loweruka tikamaliza kusoka. Masamba awa akagona pansi awola." Lachitatu unabweranso ndi mawu omwewo, ndipo ndinakukalipira kuti mwana salamula akulu. Lachinayi m'mawa anayamba kuyankhula zosamveka, osakuzindikira iwe mwana wawo. Apo ndiye ndinathamanga. Amene anakabwereka ngolo n'kutsogolera ng'ombe m'matope mpaka kumsewu anali bambo wa ku Phalombe uja, amene ndinamubisira poto.

Kuchipatala ku Boma namwino wina wachikulire, wa magalasi, anandifunsa akulemba pakhadi, "Anayamba liti kudwala, bambo?" Ndinati, "Dzulo." Iwe unali pambali panga utanyamula beseni ndi zitenje za amayi ako. Unandiyang'ana. Kuyambira tsiku limenelo sunandiyang'anenso m'maso. Anthu aja anayesetsa, madiripi ndi majakisoni, koma malungo anali atakwera kale kumutu. Loweruka ndinkanena lija ndi limene tinabwera nawo kunyumba ali m'bokosi. Masamba aja anawola ndithu, poti sabata ya maliro palibe anawagwira.

Sindikudziwa ngati akanachira tikanapita Lachiwiri. Abusa anandiuza kuti tsiku la munthu amalidziwa ndi Mulungu, ndipo mwina n'zoona, koma sindikufuna kubisala kuseri kwa mawu amenewo. Chimene ndikudziwa n'choti unandiuza kawiri, ndipo kawiri konse ndinasankha masamba. Kenako ndinanama pamaso pako chifukwa cha manyazi, n'kukusiya iwe mwana usenze choonadi wekha. Ndinalakwa, Tiyamike. Ndinawalakwira amayi ako, ndinakulakwira iwe. Pepa, mwana wanga. Mawu amenewa anayenera kutuluka zaka zinayi zapitazo, koma ndinkangoti ndinena mawa, monga momwe ndinachitira ndi chipatala. Zimandipweteka tsiku lililonse, ndipo chimene chimandipweteka kwambiri n'choti unali mwana ndipo unali kunena zoona.

Ndikayang'ana m'mbuyo ndimaona kuti ndinkasemphanitsa zinthu. Nyemba zofuna kudikira ndinkazithamangitsa, munthu wofuna kumuthamangira ndinamudikiritsa. Palibe anandiphunzitsa kusiyanitsa ziwirizi, kapena anandiphunzitsa koma makutu anga anali kumunda. Iwe usiyanitse.

Posachedwa wofunsa funso lija udzakhala iwe. Adzabwera bambo wa manja akuda ndi utomoni, mkazi wake ali pamachira, adzakuuza kuti dzulo. Usadzamukhulupirire. Koma usadzamunyozenso pagulu, akudziwa kale chimene wachita. Udzayang'ane mwana amene waima pambali pakeyo, udzamufunse iyeyo, ndipo udzamumvere. Nawenso thupi likadzatentha, upite tsiku lomwelo, kaya kuli mayeso kaya kulibe. Mnzako wa m'chipinda akadzagona osadzuka nthawi yake, usadzati watopa chabe. Usadzanene kuti Loweruka, Tiya.

Pali china chimene sukuchidziwa. Patatha mwezi chichitikire maliro, tikusonkhanitsa katundu wa amayi ako, ndinapeza botolo lalikulu kudenga, lodzaza nyemba zakuda zosakaniza ndi phulusa kuti anankafumbwe asalowe. Sindinakuuze. Iwe utapita ku sekondale yogonera konko ndinazibzala kudimba, ndipo chaka chilichonse ndakhala ndikubzala, kukolola, n'kubisa. Kuphika ndinaphunzira imvi zitatuluka kale, mayi ako aang'ono akundiseka kuti munthu womanga zigafa akulephera kukazinga anyezi. Mapoto angapo ndinapsereza, ndipo ndinkakwecha ndekha. Ndinkadyera m'chigafa muno. Ukatsala pang'ono kubwera ku tchuthi ndinkasiya, chifukwa ndinkakumbukira tsiku lija tinaika chiliza, mayi ako aang'ono ataphika nyemba izi, iwe unatuluka panja mbale osaigwira.

Lero ndalimba mtima. Ukabwera kuchokera kwa anzako ndingoika mbale patebulo. Pamene ukuwerenga kalatayi ukudziwa kale ngati unadya kapena unakankhira kumbali. Ine pano sindikudziwa. Ngati sunadye, palibe mlandu. Ngati unadya n'kupeza kuti sizikufika pa za amayi ako, ukunena zoona, sizifika. Iwo ankatha kudziwa kuti zapsa ali kuchitsime, ine ndimachita kulawa kasanu.

M'chikwama, pafupi ndi kalatayi, muli botolo lija. Ndathiramo nyemba zonse zimene zinatsala, kupatula zili pamotozi. Sindinasungeko ngakhale imodzi, ndipo kwa mayi ako aang'ono mbewuyi inatha kalekale. Zinali za amayi ako, ndiye ndi zako, ine ndinkangokusungira. Uzitsuke phulusa usanaviike. Ukafuna, phika zonse, uitane anzako, uwauze kuti ndi nyemba za Nabanda. Sindidzakufunsa. Sindikukutchera msampha, ngakhale ndikudziwa kuti zikuoneka choncho. Ndangotopa kusunga mobisa zinthu zimene zinayenera kukhala m'manja mwako.

Ukafika utumize uthenga kuti wafika, kaya kwa ine kaya kwa mayi ako aang'ono, ine ndimva. Upeze mpingo, upitirize kuimba. Uzidya nthawi yake. Nyemba usazithamangitse, wodwala usamudikiritse, mchere pomaliza.

Koma udziwe ichi. Mizere itatu ya kuchulu ija ndaiunga kale, ndathirapo manyowa. Mbande zili ku nazale n'zokwana munda wonse, koma pamenepo fodya sadzafikapo. Mvula ikagwa ndizidzapalira udzu wokha, odutsa aziti Phiri wazungulira mutu, akupalira mizere yopanda mbewu. Nyemba zimalola kubzalidwa ngakhale Khirisimasi itadutsa. Ukadzabwera nazo zodzaza dzanja limodzi, zikwana. Ukapanda kubwera chaka chino, ndidzapalirabe, ndipo chaka chamawa ndidzaunganso mizereyo.

Ndikumva mawu ako kuseri kwa mpanda, ukutsanzikana ndi anzako. Ndikathire mchere.

Ine bambo ako,
Phiri